Nkhokwe za Mabuku: Kucokera ku Nineve Kufikira ku Mindolo

Mwini munda wanzeru sadya cimanga cace conse pa nyengo ya kukolola, koma acisunga pouma, pamene ciswe ndi makoswe sizifika, kuti ana ace adzapeze cakudya m'miyezi ya njala. Nyumba ya mabuku, imene ambiri masiku ano aicha laibulale, ili nkhokwe ya mtundu wina, pakuti m'menemo anthu a mbadwo umodzi asungira mbadwo wina zimene anaziona, zimene anaziganiza, ndi zimene anapangana. Koma nkhokwe ifuna zinthu ziwiri zimene mmisiri sakhoza kuzimangira pamodzi ndi denga. Ifuna munthu wothiramo zatsopano caka ndi caka, ndiponso ifuna khomo lotsegukira iye amene ali ndi njala. Mbiri ya nyumba za mabuku, kuyambira kwa mafumu akale kufikira ku mizinda ya migodi ya Kitwe ndi Ndola, isonyeza kuti kumanga kwakhala kwapafupi, koma kutsegula khomo ndi kudzazanso nkhokwe ndiko kwalepheretsa ambiri.

Mabuku a Mafumu

Mzinda wa Nineve, umene ana a sukulu audziwa cifukwa ca mneneri Yona, unali ndi mfumu dzina lace Ashurbanipal, imene inalowa ufumu wa Asuri m'caka ca 669 Kristu asanabadwe. Mfumuyi inadziwa kuwerenga, ndipo inatuma alembi ace ku akacisi a dziko la Babulo kukasonkhanitsa zolembedwa zonse zimene akanazipeza. Mabuku ao anali mapale a dothi; mlembi ankadinda zilembo ndi kabango dothi likali lofewa, naumika phalelo. Munali za mankhwala, za nyenyezi, za maula, mindandanda ya mau a zinenero ziwiri, ndi nthano ya cigumula cacikulu. Koma zonsezi zinali za mfumu ndi akulu a nzeru a pabwalo pace, ndipo pa mapale ena panalembedwa temberero logwera ali yense wakuwaba. M'caka ca 612 adani anatentha mzindawo. Motowo, umene ukadanyeketsa pepala, unaocha dothi ngati mbiya, nulilimbitsa. Pakati pa 1849 ndi 1854 Austen Henry Layard ndi Hormuzd Rassam anafukula mapale ndi zidutswa zoposa 30,000, zimene zisungidwa tsopano ku British Museum ku London.

Phindu la kusunga zolembedwa lioneka bwino m'buku la Ezara. Ayuda obwera kuukapolo atayamba kumanganso kacisi ku Yerusalemu, akazembe a dzikolo anawafunsa amene anawapatsa cilolezo. Ayudawo analibe asilikali oti awachinjirize. Anangoyankha kuti mfumu Koresi inalamula kale. Pamenepo mfumu Dariyo inati afunefune mosungira makalata a ufumu, ndipo mpukutu wa lamulolo unapezeka ku Akimeta, m'dziko la Amedi, nchito ya kumanga niipitirira. Anthu ofooka anapulumutsidwa ndi mpukutu umene mlembi wosadziwika dzina anausunga pamalo pace zaka pafupifupi 20.

Nyumba yochuka koposa zonse za kale inali pa dziko la Africa, ku Alexandria m'dziko la Egypt. Anaiyamba mafumu a banja la Ptolemy m'zaka za m'ma 200 Kristu asanabadwe, ndipo anafuna kukhala ndi buku liri lonse la pa dziko lapansi. Olemba akale asimba kuti mipukutu yopezeka m'zombo zokoceza padoko inkatengedwa kuti alembi aikopere. Mumzinda womwewo Ayuda anamasulira mabuku a Mose m'Cigriki. Popeza mipukutu ya gumbwa inaculuka kwambiri, mphunzitsi wina, Callimachus, analemba mndandanda wa olemba ndi mabuku ao monga mwa mitundu yace, ndipo mndandandawo wokha unadzaza mipukutu 120. Ambiri ayesa kuti nyumbayi inatha ndi moto wa tsiku limodzi. Moto unalipodi pa nkhondo ya Julius Caesar m'caka ca 48, koma kugwa kwace kunayamba kale, pamene mfumu Ptolemy VIII inathamangitsa akulu a maphunziro ca m'ma 145. Ndipo m'zaka mazana otsatira olamulira analeka pang'ono pang'ono kupereka cuma ca alembi. Gumbwa afumbwa akapanda womkopera.

Zikopa ndi Maunyolo

Ufumu wa Aroma utagwa kumadzulo, amonke ndiwo anasunga mabuku ku Ulaya. Malamulo a Benedict, olembedwa m'zaka za m'ma 500, analamula kuti pa nyengo ya Lenti mmonke ali yense alandire buku, naliwerenge lonse kufikira kumapeto. Buku linalembedwa ndi dzanja pa zikopa za nkhosa kapena za ana a ng'ombe, ndipo limodzi linatha kudya nchito ya miyezi yambiri. Cifukwa ca mtengo wace, ena anamanga mabuku ndi maunyolo. Ku chalichi cacikulu ca Hereford ku England kukali mabuku pafupifupi 1,500 a m'nyumba yotere. Unyolowo unaletsa wakuba, komanso unaletsa buku kufika kwa munthu wa kutali.

Ku Africa nako anthu anasunga. Amonke a ku Ethiopia anakopera Malembo m'cinenero ca Ge'ez mibadwo yambiri, ndipo ku Timbuktu, m'dziko la Mali, mabanja anasunga m'nyumba zao mabuku a Ciarabu a za malamulo, za mankhwala ndi za nyenyezi. Pamene magulu a nkhondo analanda mzindawo m'caka ca 2012, eni mabukuwo anawabisa m'mabokosi a citsulo nawazembetsera ku Bamako. Komabe mabuku oposa 4,000 a m'nyumba ya Ahmed Baba anaonongeka kapena kusowa mu January 2013.

Makina osindikizira a Johannes Gutenberg, amene anaturutsa Baibulo ku Mainz ca m'ma 1455, anatsitsa mtengo wa buku, koma khomo linatenga zaka zina 400 kuti litsegukire munthu wamba.

Khomo Litseguka

M'caka ca 1850 nyumba ya malamulo ya Britain inalola mizinda ya anthu oposa 10,000 kusonkhetsa kamsonkho kocepa ka laibulale yaulere. Cozizwitsa ndi ici, kuti lamulolo linalola ndalamazo kumanga nyumba ndi kulipira woyang'anira, koma silinalole kugula nazo mabuku. Colakwa cimeneci anacikonza m'caka ca 1855. Mzinda wa Manchester unatsegula laibulale yace m'caka ca 1852.

Andrew Carnegie, mwana wa muomba nsalu wa ku Scotland, anagwira nchito ku America akali mnyamata, ndipo anaphunzira zambiri cifukwa munthu wina, James Anderson, ankabwereka mabuku ace kwa anyamata a nchito tsiku Loweruka. Atalemera ndi malonda a citsulo, cuma cace cinamanga malaibulale 2,509 pakati pa 1883 ndi 1929. Iye anadziwa kuti nyumba yokha siikwanira. Cotero mzinda wofuna mphatsoyo unayenera kupereka malo, kulola anthu kuwerenga kwaulere, ndi kulonjeza kuti caka ciri conse udzapereka gawo limodzi la magawo 10 a mtengo wa nyumbayo kuti nchito ipitirire.

Okumba malasha a ku South Wales sanadikire wolemera. Anabvomerezana kuti kandalama kocepa kazicotsedwa pa malipiro ao, namanga nako maholo okhala ndi zipinda za mabuku. Koma migodi itayamba kutsekedwa, mabuku ambiri anagulitsidwa kapena kutayidwa, ndipo otsala anasonkhanitsidwa ku Swansea m'caka ca 1973. Nkhani imeneyi ili ndi mbale wace ku migodi ya mkuwa.

Ku Migodi ya Mkuwa

Dziko limene pali Kitwe ndi Ndola linali la Alamba. Boma la Ndola linakhazikitsidwa m'caka ca 1904, ndipo njanji inafika m'deralo m'caka ca 1909. Migodi yaikulu inayamba kuturutsa mkuwa pambuyo pace: Roan Antelope ku Luanshya mu 1931, Nkana mu 1932, Mufulira mu 1933; ndipo mzinda wa Kitwe unayambidwa mu 1936 pafupi ndi Nkana. Anthu anadza kucokera ku mbali zonse. Cibemba cinakhala cinenero ca m'makomboni, koma pakati pa makalaliki, akapitao ndi aphunzitsi panali ambiri a ku Nyasaland ndi a ku Fort Jameson, kumene tsopano ndi ku Chipata, ophunzira m'masukulu a mishoni. Iwowa anadza ndi Baibulo ndi buku la nyimbo m'katundu wao, ndipo m'zaka za m'ma 1920, asanakhale ndi mbusa wacizungu wokhala pakati pao, Akristu a mipingo yosiyana anayamba okha mpingo umodzi, umene unachedwa Union Church.

Malaibulale oyamba a m'dziko la Northern Rhodesia anali a Azungu, a m'makalabu ao ndi a m'mabungwe olipira ndalama ya umembala. Munthu wakuda wodziwa kuwerenga anaona nyumbazo kunja kokha. Kumudzi madzulo anali a nthano ndi milandu ya pabwalo. M'komboni mnyamata woweruka kumgodi anapeza mowa ndi njuga, ndipo wofuna cowerenga anagula ciri conse cimene cinamfikira. Zimene zinafika zambiri ndi zochipa zinali timabuku ta Watch Tower.

M'caka ca 1932 bungwe la International Missionary Council linatuma J. Merle Davis ndi anzace kudzaona moyo wa ku migodi, ndi thandizo la cuma ca Carnegie, ndipo lipoti lao, losindikizidwa mu 1933, linapempha mamishoni kugwira nchito pamodzi. Koma cimene cinadzidzimutsa boma cinali cina. Mu May 1935 anthu a nchito ananyanyala ku Mufulira, ku Nkana ndi ku Luanshya cifukwa ca msonkho umene unakwezedwa mwadzidzidzi, ndipo ku Luanshya anthu 6 anaomberedwa nafa. Akulu ofufuza za cipolowecho anachula mabuku a Watch Tower monga cimodzi ca zoutsa mitima, cinkana madandaulo a msonkho, malipiro ndi phoso anali poyera. Boma linaletsa ena a mabukuwo, ndipo linazindikira kuti anthu odziwa kuwerenga adzawerengabe. Cotero mu 1936 linayamba nyuzi ya Mutende, yolembedwa m'Cingelezi, Cibemba, Cinyanja, Citonga ndi Cilozi. Ndipo mu 1937 panakhazikitsidwa African Literature Committee yolimbikitsa mabuku a m'zinenero za dziko. Ziyenera kunenedwa poyera kuti mantha ndiwo anathandiza kutsegula khomo limene cifundo cinacedwa kulitsegula.

M'caka comweco ca 1936 mamishoni anapanga bungwe la United Missions in the Copperbelt, lotsogoleredwa ndi mbusa A. J. Cross, ndipo mbusa R. J. B. Moore anali atayamba kale nchito pa Mindolo, pafupi ndi Nkana. Bungweli linayendetsa masukulu a ana a m'makomboni, ndipo United Society for Christian Literature, imene inali m'bungwemo, inasamalira za kugulitsa mabuku. M'maholo a cisangalalo a m'makomboni munayamba kupezeka zipinda zowerengeramo, makalasi a usiku ndi magulu a mtsutso. Mu 1948 nchito ya komiti ija inalowa m'manja mwa Publications Bureau ya Northern Rhodesia ndi Nyasaland, imene inathandiza kusindikiza nthano, mbiri za mitundu ndi mabuku a zaumoyo m'Cinyanja, m'Cibemba ndi m'zinenero zina. Stephen Mpashi, wolemba wa Cibemba, anachuka m'zaka zimenezo.

Olamulira anayembekeza kuti mabuku abwino adzakhazika mitima pansi. Koma buku silifunsa mwini nyumba cimene wowerenga adzaganiza. Aphunzitsi ndi makalaliki omwewo owerenga nyuzi ndi kutsutsana madzulo ndiwo anatsogolera mabungwe a Welfare, amene anagwirizana ku Broken Hill mu 1946 motsogoleredwa ndi Dauti Yamba, mphunzitsi wa ku Luanshya, nasanduka Congress mu 1948, mtsogoleri wace woyamba nakhala Godwin Mbikusita Lewanika wa ku Kitwe. M'caka cimeneco Kenneth Kaunda analikuphunzitsa ku Mufulira pansi pa United Missions. Mu 1949 Lawrence Katilungu wa ku Nkana anakhala mtsogoleri wa bungwe la anthu akuda ogwira nchito m'migodi, ndipo nchito yotere inafuna anthu odziwa kuwerenga cipangano ndi kulemba kalata.

Mindolo ndi Masiku a Ufulu

United Missions itatha mu 1955, malo a Mindolo anapatsidwa nchito yatsopano. Mindolo Ecumenical Foundation inayambidwa mu 1958, ndipo mu 1959 Wesley Sadler anatsegula pomwepo sukulu ya olemba, Africa Literature Centre, kumene anthu a maiko ambiri a Africa anaphunzira kulemba mabuku ndi nyuzi ndi kujambula zithunzi. Anazindikira kuti sikukwanira kupatsa anthu mabuku olembedwa kutali. Nkhokwe iyenera kulandiranso za m'munda wa eni ace.

Usiku wa pa 17 kuca wa pa 18 September 1961, ndege yonyamula Dag Hammarskjöld, mlembi wamkulu wa United Nations, inagwa m'nkhalango pafupi ndi Ndola. Iye analikudza kudzakambirana ndi Moïse Tshombe za nkhondo ya ku Katanga, ndipo anthu onse 16 a m'ndegemo anataya moyo. Pamalo pa ngoziyo pali cikumbutso ca miyala. Koma cikumbutso cina cinamangidwa pa Mindolo ndi thandizo locokera ku Sweden, kwao kwa womwalirayo, ndico Dag Hammarskjöld Memorial Library, yotsegulidwa mu 1963. M'dziko limene khungu linali likali kusankha khomo lolowera munthu, pa Mindolo wakuda ndi woyera anawerengera pa tebulo limodzi.

Mu 1962 boma linayamba Library Service ya dziko lonse ndi mphatso ya Ford Foundation, ndipo ufulu utadza pa 24 October 1964 inachedwa Zambia Library Service. Inamanga malaibulale ku Chipata, Choma, Kasama, Mansa, Mongu ndi Solwezi, nitumiza mabokosi a mabuku ku masukulu ndi ku malo a kumidzi. Ndipo ku Kitwe, Ndola ndi mizinda ina ya m'njanji makhonsolo ndiwo anasunga malaibulale, otsegukira tsopano mtundu uli wonse.

Mkuwa Utatsika Mtengo

Cuma ca zonsezi cinatsamira pa mkuwa. Mtengo wace utagwa mu 1975, ndalama za kunja zinasowa, ndipo popeza mabuku ambiri ankagulidwa kunja, kugula kunacepa kwambiri. Nyumba zinaimabe, oyang'anira anafika pa nchito m'mawa uli wonse, koma pa mashelefu panakhala mabuku omwewo akale. Kampani ya ZCCM, yopangidwa mu 1982, inasunga zipatala, makalabu ndi maholo a m'makomboni. Migodi itagulitsidwa pakati pa 1997 ndi 2000, eni atsopano sanasenze katundu yenseyo. Zinacitika monga ku South Wales, ndi monga ku Alexandria. Ngakhale zinali tero, owerenga sanathe. Copperbelt University, yokhazikitsidwa ku Kitwe mu 1987, inadza ndi laibulale yace, ndipo ana ambiri a m'nyumba zodzaza anthu afuna laibulale cifukwa ca tebulo, kuunika ndi bata, pokonzekera mayeso.

Nyengo ya Kompyuta

Mu 1971 Michael Hart wa ku America anayamba kulemba mabuku akale m'kompyuta kuti ali yense awatenge kwaulere, ndipo mu 1994 kampani ya ZAMNET, yobadwira pa University of Zambia, inalumikiza dziko la Zambia ku intaneti, lisanatero unyinji wa maiko a Africa. Lero mwana wa ku Wusakile kapena ku Chifubu akhoza kuona pa foni ya m'manja mabuku oculuka koposa amene mafumu a Alexandria anawalakalaka.

Phindu lace ndi lalikulu, makamaka pa kupulumutsa zolembedwa. Moto umene unatentha laibulale ya Mzuzu University ku Malawi mu December 2015 unaononga mabuku pafupifupi 45,000 usiku umodzi. Colembedwa cimene cajambulidwa ndi kusungidwa pa malo awiri siciopa moto wotere. Ku Ndola kuli nyumba yosungira makalata a makampani a migodi, yodzala ndi mau a mabwana. Koma makalata a anthu a nchito anali ocepa ndi osasamalika. Pofika mu 2021 makalata a Mineworkers' Union of Zambia a ku Kitwe anali atajambulidwa ndi thandizo la International Institute of Social History ya ku Amsterdam, kotero kuti mau a wokumba adzamveka pamodzi ndi a mwini mgodi.

Komabe mafunso akale sanacoke. Mabuku ambiri a maphunzilo apamwamba pa intaneti atsegukira yekhayo amene walipira, ndipo umenewu ndi unyolo wa Hereford m'maonekedwe atsopano. Foni ifuna ndalama za data ndi magetsi, ndipo mu 2024, cilala citacepetsa madzi ku Kariba, magetsi ankazima maola ambiri tsiku ndi tsiku. Zolembedwa za Cinyanja, Cibemba ndi Cilamba ziri zocepa kwambiri poyerekeza ndi za Cingelezi. Ndiponso zoona ndi zonama zisanganizika m'menemo popanda wozipeta, kotero kuti nchito ya Callimachus, ya kusanja ndi kulozera wowerenga kumene kuli cimene afuna, ifunika lero koposa kale.

Gawo la Mphunzitsi

Ana ambiri adzaona laibulale yao yoyamba pa sukulu, kapena sadzaiona konse. M'masukulu ena mabuku a mphatso akhala m'kabati yokhoma mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu, cifukwa aopa kuti akatayika mlandu udzamgwera iye. Mantha amenewo ali ndi cifukwa cace, koma mankhwala ace ndi kaundula wolembamo dzina la wobwereka ndi tsiku lobweza, pamodzi ndi ana awiri kapena atatu a makalasi apamwamba osankhidwa kumsunga. Buku long'ambika ndi manja a ana 40 lacita nchito yace. Buku lodyedwa ndi ciswe m'kabati latayika kawiri.

Kudzaza nkhokwe nakonso kuli m'manja mwa sukulu. Komiti ya makolo ndi aphunzitsi imene ipatula kandalama caka ciri conse, ngakhale ka mabuku 10 okha, itsata nzeru ya pangano la Carnegie ndi ya okumba malasha aja. Ndipo pali zokolola zina zosafuna ndalama. M'makomboni a Kitwe ndi Ndola mukali nkhalamba zimene zinatsika m'migodi m'masiku a atsamunda, ndi amai amene akumbukira ulendo wocokera ku Petauke, ku Dedza kapena ku Luapula. Akale anati mau a akulu akoma akagonera. Koma agonera pokhapo pali wowasunga. Mphunzitsi amene atuma ana ace a kalasi kukafunsa agogo ao, nalemba zimene amva m'cinenero comwe anazimvera, nazisoka pamodzi ndi kuziika pa shelefu ya sukulu ndi dzina ndi caka, waonjeza m'nkhokwe buku limene silipezeka ku London kapena pa intaneti, ndipo ana a m'kalasi lotsatira adzaliwerenga.